Kuphunzira za nsomba ya snook pobisa ndi kusaka mawu m'zilembo

Masewera osaka mawu m'bokosi la zilembo ali ndi vuto limodzi lomwe ambiri saliona: maso amagwira ntchito mutu uli mtulo. Ndinapatsapo mwana wa mlongo wanga pepala la masewerawa, mawu ake onse okhudza nsomba yotchedwa snook. Sanachedwe nalo. Mphindi 10 zisanakwane anali atazunguliza mawu onse ndi pensulo, n'kundibwezera pepala akunyadira. Nditamufunsa kuti ROBALO, limodzi mwa mawuwo, n'chiyani, anati, "Ali apa amalume, mzere wachisanu." Sananame ayi, koma za nsombayo sanatolepo kanthu.

Masewera a mtunduwu, omwe Norman Gibat anawasindikiza mu 1968 m'kanyuzipepala kake mumzinda wa Norman ku Oklahoma, United States, ndipo olankhula Chisipanishi amawatchula kuti sopa de letras, supu wa zilembo, ndi otayitsa nthawi basi akasiyidwa mmene alili. Kuti munthu aphunzirepo kanthu pamafunika kuwakhotetsa m'malo awiri. Wosewera asapatsidwe mndandanda wa mawu, apatsidwe mafunso. Ndipo pomaliza apange yekha bokosi lake. Zofunika n'zochepa: pepala la timabokosi ngati la m'kope la masamu, pensulo, labala, chithunzi cha nsombayo, ndi mapu oonetsa North America ndi South America.

1. Ioneni kaye nsombayo

Musayambe ndi mawu. Pezani chithunzi chooneka bwino, pa intaneti kapena m'buku, chosonyeza snook cham'mbali kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo muchiyang'ane limodzi ndi amene mukufuna kumuphunzitsayo. Mufunseni kuti akuona chiyani, inu mukhale chete pang'ono.

Choyamba kugwira diso ndi mzere wakuda bii woyambira kuseri kwa mutu, kudutsa m'nthiti monse, mpaka kukalowa m'chipsepse cha kumchira. Nsomba zambiri zili nawo mzere wam'mbaliwu, ndi umene zimamvera kugwedezeka kwa madzi, koma wa snook umachita ngati wina waulemba ndi bolopeni. N'chifukwa chake asodzi a ku Florida, chigawo cha United States, amaitchula kuti linesider, ena n'kumati sergeant fish, poufanizira ndi mizere ya pamalaya a msilikali.

Kenako mutu. Chipumi chake n'chotsetsereka, ndipo chibwano cham'munsi chimatulukira kutsogolo kupitirira cham'mwamba, mwakuti nkhope yake imaoneka ngati ya munthu wamwano. Mano akuluakulu ilibe. M'kamwa mwake ndi mokhakhala ngati sandipepa, ndipo ikafuna kudya imayasamula mwadzidzidzi n'kukoka madzi pamodzi ndi kansomba komwe kali pafupi, n'kukameza kathunthu. Pamsana pali zipsepse ziwiri zolekana, chakutsogolo chili ndi minga. Thupi ndi lasiliva, zipsepse zina zachikasu. Chimene chithunzi sichionetsa bwino ndi m'mphepete mwa chivindikiro cha zopumira zake, momwe ndi mokuthwa ngati lezala. Pamenepo ndi pomwe chingwe cha msodzi chimadukira nsombayo ikapukusa mutu, ndipo wogwira mosasamala amachekeka chala.

Chivindikiro chimenechi chinalowa mpaka m'dzina lake la sayansi, Centropomus undecimalis. Liwu loyambalo ndi la Chigiriki, lophatikiza munga ndi chivindikiro. Lachiwirilo ndi la Chilatini ndipo limanena za nambala 11. Woyamba kuilemba m'mabuku a sayansi anali Marcus Elieser Bloch wa ku Germany, mu 1792. Dzina loti snook linachokera ku liwu la Chidatchi lakuti snoek, lomwe kwawoko ndi dzina la nsomba ina ya m'madzi opanda mchere. Apa chenjerani posaka chithunzi: ku South Africa kulinso nsomba yotchedwa snoek, yaitali yopyapyala, ya m'madzi ozizira, ndipo sichibale ndi yathuyi. Chithunzi chopanda mzere wakuda uja si cha snook.

Tsopano mapu. Ikani chala pa Florida, muchiyendetse m'mbali mwa Gulf of Mexico kudutsa Texas ndi Mexico, kutsikira ku Costa Rica, kuzungulira zilumba za Caribbean, mpaka ku Rio de Janeiro ku Brazil. Kumeneko ndiye kwawo kwa snook, yomwe ku Mexico ndi ku Brazil amaitchula kuti robalo. Si nsomba ya pakati pa nyanja. Imakonda kugombe: pomwe mitsinje imathirira m'nyanja, m'mizu ya mitengo ya mangrove yomera m'madzi a kugombe, pansi pa milatho, m'mbali mwa madoko. Imaima pobisika mutu utaloza komwe madzi akuchokera, n'kumadikira kuti madziwo aibweretsere tinsomba, shrimp (tizilombo ta m'madzi tachibale ndi nkhanu) ndi nkhanu. Abale ake a mtundu wa Centropomus ndi oposa 10, ena ku Atlantic ena ku Pacific, ndipo m'madzi a Florida mokha mumapezeka mitundu 5. Yathuyi ikhoza kutalika masentimita 140. Ina yomwe inagwidwa ndi mbedza ku Parismina, Costa Rica, mu 1978 inalemera makilogalamu 24, n'kulowa m'mabuku a International Game Fish Association, bungwe losunga mbiri ya nsomba zikuluzikulu zogwidwa ndi mbedza.

2. Sankhani mawu onyamula kanthu

Lembani pa pepala lina mawu onse amene atuluka pokambirana chithunzi ndi mapu aja. Angakwane 25 kapena 30. Kenako yambani kudula.

Muyeso wanga ndi funso limodzi: kodi liwuli likhoza kukhala pa masewera a nsomba ina iliyonse? Ngati yankho ndi inde, lichokepo. MADZI, NSOMBA, MAMBA, NYANJA, MCHIRA, onsewa ndi oona koma saphunzitsa kanthu za snook. MZERE limatsala chifukwa ndi chizindikiro chake. KUZIZIRA limatsala chifukwa ndiye mdani wake wamkulu. Lolani liwu limodzi kapena awiri osavuta, ngati NKHANU, kuti wosewera asafooke pachiyambi pomwe.

Kwa oyamba kumene mawu 10 ndi okwanira. Ine ndinatsala ndi awa: MANGROVE, KUZIZIRA, CHIBWANO, FLORIDA, ROBALO, MCHERE, NKHANU, SNOOK, MZERE ndi MWEZI. Muona kuti ndasakaniza. Mayina a malo ndi a nsomba asiyeni mmene eni ake amalembera, chifukwa wophunzira akadzafuna kuwasaka m'buku adzawapeza choncho. Mawu ofotokoza akhale a Chichewa.

Pali tinthu tating'ono toyenera kugwirizana musanajambule. Chilembo chilichonse chili ndi kabokosi kake, choncho CH ndi timabokosi tiwiri, NKH titatu. Mawu okhala ndi ng' apeweni, chifukwa kachizindikiro kaja kakalowa m'bokosi kamaulula malo ake, kakasiyidwanso liwu limasintha. Dzina la mawu awiri lilumikizeni, COSTARICA, ndipo mumuuziretu wosewera kuti mwatero.

3. Jambulani bokosi n'kuikamo mawu

Dulani malire a timabokosi 10 chopingasa ndi 10 chotsika. Liwu lanu lalitali kwambiri lisadzaze mzere wonse. Pazitsala mpata wa kabokosi kamodzi kapena tiwiri, apo ayi limaonekera patali.

Lembani ndi pensulo, zilembo zazikulu, ndipo yambani ndi mawu aataliatali. Ofupika amapeza pokhala paliponse, koma la zilembo 8 likachedwa limasowa malo ndipo mumayambiranso. Ine ndinaika MANGROVE pamzere woyamba, CHIBWANO pansi pake, KUZIZIRA kutsika m'mphepete mwa kumanja.

Zikatero funani pomwe mawu angagawane chilembo. M wa MANGROVE ndiyenso M wa MCHERE potsika, ndipo C wa MCHERE ndiye woyamba wa CHIBWANO. R wa MCHERE anayambitsa ROBALO, L wa ROBALO n'kukhala wachiwiri wa FLORIDA. Kupingasitsa mawu chonchi kumasunga malo komanso kumasokoneza diso, chifukwa munthu akazunguliza liwu amaganiza kuti zilembo zakezo zatha ntchito.

Za kolowera mawu, onani msinkhu wa wosewera. Wongophunzira kumene kuwerenga apatsidwe opita kumanja ndi otsika okha. Wozolowera muwonjezereni limodzi lopendekera ndi limodzi lachafutambuyo. M'bokosi langa SNOOK likukwera mopendekera kukathera pa K wa KUZIZIRA, ndipo NKHANU likuwerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, monga mwini dzinalo amayendera mosemphana ndi anzake.

Musanapitirire, koperani bokosili mmene lilili, lokhala ndi mawu okhaokha mipata isanadzazidwe. Limeneli ndiye la mayankho. Mukaiwala kutero mudzasaka nokha mawu anu omwe wosewera akukuyang'anani.

Pa intaneti pali mapulogalamu opanga mabokosiwa m'kanthawi kochepa. Ndi othandiza mukafuna mapepala ambiri osindikiza, koma bokosi loyamba pangani ndi dzanja. Kulemba CHIBWANO chilembo chimodzichimodzi, kulifufuta, kulisuntha, ndi momwe liwulo limakhazikikira m'mutu.

4. Dzazani mipata mochenjera

Apa ndi pomwe ambiri amaonongera ntchito yabwino. Mukadzaza mipata ndi Q, X ndi zilembo zina zosowa m'Chichewa, mawu enieni amayandama pamwamba ndipo amaoneka osasaka n'komwe. Zilembo zodzazira zifanane ndi za mawu obisidwawo: A, I, U, O wochuluka, kenako L, T, K, N, M.

Tcherani misampha iwiri kapena itatu. Lembani chiyambi cha liwu penapake n'kuchisiya chosatha. M'bokosi lili m'munsili muli MZE wosafika pa MZERE, ndi SNO wosafika pa SNOOK.

Mukamaliza werengani mzere uliwonse mbali zonse, chopingasa, chotsika ndi chobwerera. Zilembo zoponyedwa mwachisawawa zimatha kupanga liwu lotukwana inu osadziwa, ndipo ana ndiwo amayamba kuliona. Zinandichitikirapo kamodzi, ndipo tsiku limenelo za nsomba sitinakambenso.

Bokosi lomalizidwa ndi ili:

M A N G R O V E T A
C H I B W A N O L U
H I T A M Z E T I K
E T A P F U L I O U
R O B A L O T O N Z
E M I K O L N A P I
L Z A T R S U D E Z
A E K O I M W E Z I
T R U L D A S N O R
P E U N A H K N I A

5. M'malo mwa mndandanda, lembani mafunso

Ili ndiye gawo lofunika kuposa onse. Pansi pa bokosi musalembe mawu obisidwawo. Lembani chiganizo chimodzi pa liwu lililonse, ndi nambala ya zilembo zake kumapeto. Wosewera ayambe wadziwa yankho, kenako alisake.

Dzina la nsomba yathuyi, lochokera ku Chidatchi: zilembo 5.
Mmene amaitchulira ku Mexico ndi ku Brazil: 6.
Wakuda, woyambira kumutu mpaka kumchira: 5.
Cham'munsi n'chachitali kuposa cham'mwamba: 8.
Mitengo yoima m'madzi ndi mizu yake, mobisala tiana ta snook: 8.
Nsomba yaikulu imatha kukhala m'madzi opanda uwu, koma mazira ake ayi: 6.
Ukakhala wathunthu kapena watsopano, kuswana kumachuluka: 5.
Kunapha snook zambirimbiri mu Januwale 2010: 8.
Chigawo cha United States chomwe chinaletsa malonda a snook mu 1957: 7.
Chakudya chake china, choyenda cham'mbali: 6.

Mafunso anayi oyambawo wosewera awayankha kuchokera pa chithunzi ndi mapu aja. Otsatirawo amafuna kuti mumufotokozere moyo wa nsombayo asanagwire pensulo, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Snook ndi imodzi mwa nsomba zotha kukhala m'madzi amchere ndi opanda mchere omwe. Imakwera mitsinje kutali ndithu, n'kumakhala kumeneko miyezi. Koma nthawi yoswana ikafika iyenera kutsikira kunyanja, chifukwa mazira ake amafuna madzi amchere kuti ayandame ndi kuswa bwino. Ku Florida zimenezi zimachitika miyezi yotentha, kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala. Nsomba zimasonkhana pamipata yomwe madzi a m'nyanja amalowera kumtunda, malo ngati Jupiter Inlet ndi Sebastian Inlet, ndipo kuswana kumakula masiku a mwezi wathunthu ndi watsopano, pomwe madzi a m'nyanja amadzaza ndi kuphwa mwamphamvu. Yaikazi yaikulu imatulutsa mazira oposa 1 miliyoni ulendo umodzi. Tiana tikaswa, madzi omwewo amatikankhira m'timifuleni ta m'madambo ndi m'mizu ya mangrove, momwe ndi mosaya, mwabata, ndipo nsomba zikuluzikulu zozidya sizilowamo bwino. Anthu akadula mangrove kuti amange nyumba za m'mbali mwa nyanja, snook zimasowa poleredwa. Mafunso atatu, la MANGROVE, la MCHERE ndi la MWEZI, ayankhidwa ndi nkhani imodziyi, ndipo ndi dala. Mawu omangirirana pankhani imodzi amakumbukika kuposa omwazikana.

La KUZIZIRA lili ndi nkhani yakeyake. Snook ndi nsomba ya kotentha, ndipo Florida ili kumapeto kwenikweni kwa dera lomwe ingapirire. Madzi akatsika kufika madigiri 15 pa sikelo ya Celsius imayamba kufooka ndi kuleka kudya. Akafika cha m'ma 12 n'kukhalitsa, imafa. Mu Januwale 2010 chisanu chinagwa masiku angapo otsatizana, ndipo snook zakufa zinayandama m'magombe ndi m'mitsinje ya Florida. Bungwe loyang'anira nsomba kumeneko, Florida Fish and Wildlife Conservation Commission, linaletsa kutenga snook, ndipo kugombe la Gulf of Mexico chiletsocho chinakhalapo mpaka Seputembala 2013.

Polemba mafunso anu samalani zinthu ziwiri. Funso likhale ndi yankho limodzi lokha: "chakudya chake" n'losakwanira, chifukwa imadya zambiri, koma "choyenda cham'mbali" latseka khomo. Ndipo funso lisakhale tanthauzo la m'dikishonale. "Chowala kumwamba usiku" lipereka MWEZI ndithu, koma snook mulibemo.

6. Kasewereni ndi lamulo limodzi

Wosewera ayambe walemba mayankho m'mbali mwa mafunso. Akakakamira pa funso lina, musamuuze liwu. Mulozereni pa chithunzi kapena pa mapu.

Posaka, muphunzitseni kusathamangira A kapena I, chifukwa ali paliponse. Asake chilembo chosowa cha m'liwulo. V m'bokosili ndi mmodzi yekha, ndipo akapezeka MANGROVE wapezeka. F nayenso ndi mmodzi, G chimodzimodzi. Pa SNOOK asake ma O awiri ogundana, mopingasa, motsika kapena mopendekera. Njira zimenezi zikakanika, atenge chilembo choyamba cha liwu, ayende mzere ndi mzere ataphimba yapansi ndi lula, ndipo paliponse pomwe chapezeka aone timabokosi 8 tochizungulira ngati muli chilembo chachiwiri. Ndi njira yochedwa koma siphonya.

Lamulo limodzi lija nali: liwu lisazungulizidwe mwakachetechete. Akalipeza anene chiganizo chimodzi cha snook chokhala ndi liwulo, m'mawu akeake, osati kuwerenga funso lija. Ngati liwulo ndi la chiwalo, aloze pa chithunzi. Ngati ndi la malo, aloze pa mapu. Osewera akakhala angapo, wopeza liwu amalandira mphoto imodzi, wonena chiganizo cholondola ziwiri. Mukatero mwana wa maso akuthwa sapambana yekhayekha, ndipo uja wochedwa kusaka koma womvetsera bwino amapezanso mwayi.

Mawa lake pindani pepala kuti bokosi lisaoneke, n'kufunsa mafunso omwewo pakamwa, mosintha ndondomeko yake. Amene aiwalika alowenso m'bokosi lachiwiri.

7. Bokosi lachiwiri, lokhala ndi uthenga wobisika

Pali mfundo imodzi ya snook yomwe sindimaiika m'bokosi loyamba, chifukwa ndi yokoma kwambiri kuti itayike pakati pa mawu ena. Snook zimayamba moyo zili zamphongo. Zikakula, zambiri zimasintha n'kukhala zazikazi, kawirikawiri pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 7. Choncho mukaona snook yaikulu kwambiri, mwayi waukulu ndi woti ndi yaikazi yomwe kale inali yamphongo.

Mfundo imeneyi ndimaibisa m'zilembo zotsala. Kachitidwe kake n'kosavuta. Mukaika mawu onse m'bokosi, werengani mipata yotsala. M'bokosi lathu lija inali 43. M'malo modzaza mwachisawawa, lembani uthenga chilembo chimodzichimodzi m'mipatayo, kuyambira pamwamba kumanzere, kudumpha timabokosi tomwe muli kale mawu. ZAZIKULU NDI ZAZIKAZI ndi zilembo 19. Zikatha, mipata yotsalayo mudzaze monga kale, ndipo muuzeni wosewera kuti akapeza mawu onse awerenge zilembo 19 zoyamba zosazungulizidwa. Ubwino wake ndi woti uthengawo sutuluka bwino ngati liwu lina silinapezeke, ndiye palibe kudumpha.

Mawu a bokosi lachiwirili atengeni ku malamulo a usodzi, chifukwa uthenga uja ndiwo umawamasulira. Ku Florida snook sigulitsidwa. Wofuna kuidya akaiwedze yekha, akhale ndi chiphaso cha usodzi ndi chilolezo chapadera cha snook, ndipo atenge imodzi yokha patsiku, m'miyezi yololedwa. Miyezi yoswana ndi yozizira kwambiri amatseka. Chodabwitsa kwa ambiri ndi muyeso wake: nsomba yotenga isachepere mainchesi 28, omwe ndi masentimita 71, komanso isapitirire mainchesi 32 kapena 33 malinga ndi dera. Kuti yaing'ono ibwezedwe m'madzi aliyense amamvetsa. Koma yaikulu ibwezedwe chifukwa chiyani? Musayankhe. Lembani funsolo pansi pa bokosi, ndipo zilembo zotsala ziyankhe zokha. Zazikuluzo ndizo zoikira mazira ambiri, ndipo zikatha palibe zoswa.

Mawu oyenera pano ndi monga CHILOLEZO, MUYESO, MBEDZA, NYAMBO, MAZIRA, YAIKAZI, CHISANU, TAMPA (mzinda wa ku Florida), TEXAS, BLOCH. Kulitsani bokosi likhale 12 ndi 12, ndipo lolani kolowera konse, ngakhale kukwera chafutambuyo. Wofuna kupitirira angawonjezere SARASOTA, komwe a Mote Marine Laboratory amaweta tiana ta snook n'kukatitaya m'mitsinje kuti aone mmene tingapulumukire, kapena TABASCO, chigawo cha Mexico komwe robalo amagwidwa ndi maukonde n'kugulitsidwa, mosiyana ndi ku Florida. Mawu awiriwa amatsegula nkhani yoti nsomba imodzi yomweyo dziko lina limaisunga ngati ya masewera, lina ngati ya malonda.

8. Mupatseni pensulo

Bokosi lachitatu musapange inu. Wophunzira asankhe mawu ake 8, awaike, adzaze mipata, alembe mafunso, inu mukhale wosewera. Mumuike malire amodzi: mawu atatu akhale atsopano, omwe sanalowepo m'mabokosi awiri oyamba, kuti akafufuze yekha.

Posewera khalani wovuta pang'ono. Funso likakhala ndi mayankho awiri, perekani lolakwikalo dala kuti akalikonze. Liwu likaperewera chilembo m'bokosi, lisakeni mokweza mawu mpaka aone yekha pomwe padumphika. Mfundo ikakhala yokayikitsa, funsani kuti waiona pati.

Mwana wa mlongo wanga uja bokosi lake linali lokhotakhota, mizere yosawongoka, ndipo MANGROVE analiiwala G. Koma funso lake lomaliza linandigwira. Linati: "Chimene mumalawa mukaphika snook osaisenda khungu: zilembo 4." Ndinayesa MAFUTA, zilembo zinachuluka. Ndinayesa DOTHI, zinachulukabe. Iye ali phee, akuseka chamumtima. Anali atawerenga kuti kale ku Florida ena ankaitchula snook kuti soap fish, chifukwa ikaphikidwa ndi khungu lake imamveka fungo losakoma m'kamwa, ndipo ankainyoza mpaka atazindikira kuti pamangofunika kusenda. Liwulo linali SOPO, ndipo analibisa mopendekera, chafutambuyo, pakona yapansi kumanzere.